Chidindo cha Mayi Shiomi

Mayi Shiomi a ku Ube atha zaka makumi atatu akuyesa zitsulo pafakitale ya feteleza. Ku yunivesite sanapondeko, koma anyamata obwera ndi madigiri awo amayamba awagwadira, chifukwa pepala lopanda chidindo chawo chofiira silituluka pakhomo.

Ntchito yawo amaifotokoza mosavuta. Mpweya, kuti usanduke chinthu china, umayenera kukwera chitunda. Ukatera pa chitsulo chougwira mwamphamvu, chitundacho chimatsika, ulendo n'kufupika. Chitsulo chaulesi chimangouyang'ana, palibe chochitika. Koma chogwiritsitsa nachonso n'chachabe: sichitaya chomwe chagwira, malo onse amadzaza, ntchito n'kuima. Zitsulo zoterezi Mayi Shiomi amazitcha apongozi, ndipo amaziponya m'kabati ya pansi akuseka.

Paja chala sichiloza mwini. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Chisato, atapeza ntchito yochiza ng'ombe ku Kushiro, kutali kumpoto, mwini nyumba ya lendi yoti mwanayo akakhalemo anafuna chidindo cha kholo papepala pofika Lachisanu, apo ayi nyumbayo ipita kwa wina. Mayi Shiomi anapinda pepalalo m'chikwama n'kuyamba kusaka zifukwa. Lero ati kumeneko kumazizira koopsa, mawa ati inki yauma. Zoona zake, ankaopa kudya okha.

Lachinayi masana, akudya mpunga ndi nsomba yowotcha, anadandaulira Bambo Hirabayashi, okonza ziwiya zagalasi, mnzawo wakalekale. Bambowo anangogwada, kutsegula kabati ya pansi ija n'kuyamba kusuntha mabotolo.

"Mukusaka chiyani mmenemo, achikulire inu?" anafunsa Mayi Shiomi.

"Ndikukukonzerani malo, mayi. Pakati pa apongozi anzanuwa mukwana bwinobwino."

Mayi Shiomi anawanena kuti ndi nkhalamba yadazi yopanda mwambo, kenaka anaseka mpaka misozi, ngakhale misozi ina sinali ya kuseka. Anatulutsa pepala lija, kuliwongola ndi chikhatho, n'kudinda mowongoka monga amadindira zitsulo zimene zapambana mayeso.

Masiku ano Chisato amaimba foni Lamulungu lililonse, kusimba za ng'ombe ndi kuzizira. Mayi ake amamvetsera atakumbatira foniyo ndi manja awiri. Koma nkhani zikatha, amene amayamba kunena kuti basi, pita ukapume mwanawe, ndi iwowo.