Chala Chimene Ndinasiya ku Joni

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene khofi wathu wa ku Nchenachena anauma ndi matenda. Zipani zinali zitachuluka m'dziko, koma ntchito ayi. Mayi anga sanandiletse. Anandiperekeza mpaka pamsewu n'kunena kuti, "Mwana wane, ndalama ngakhale usabwere nazo. Ukangobwera wamphumphu."

Ku Joni ndinalembedwa ntchito pamalo ena ochekera matabwa. Poyamba ndinkatumiza makalata, zovala ndi kangachepe kudzera kwa madalaivala a ku Mzimba. Kenako makina anadya chala changa cha mkombaphala, abwana n'kundiuza kuti munthu wopanda mapepala alibe kodandaula. Apolisi anandigwira ndikugulitsa katundu amene sindinafunse kumene wachokera. M'ndende ndinamenya munthu amene ankandilanda bulangete, ndipo ananditsekera m'kachipinda ka ndekha.

Kachipindako kanali mapazi atatu kupita, atatu kubwerera. Getsi silinkazima, moti usana ndi usiku ndinkazisiyanitsa ndi mbale yolowera pakabowo ka chitseko. Patapita masabata ndinayamba kucheza ndi chidebe cha m'ngodya, n'kumachikwiyira chikapanda kuyankha. Ndinkaopa misala kuposa imfa.

Tsiku lina ndinalota ndikuthyola khofi m'munda mwathu. Nditayang'ana dzanja, ndinaona zala zisanu. Ndinadziuza kuti, apa ndiye ndikulota. Koma sindinadzuke. Ndinaika dengu pansi n'kutsetsereka ndi njira ya kwathu, mwa kufuna kwanga.

Kuyambira pamenepo ndinkawerenga zala tsiku lonse, kuti chizolowezicho chizinditsata kutulo. Zikakhala zinayi, ndili m'ndende. Zikakhala zisanu, chitseko palibe. Mpaka lero dzanja limangotambasuka lokha ngakhale m'tchalitchi, ndipo anthu amayesa ndikupemphera mwanjira ya ku Joni.

Kumalotoko mfumu ndinali ine. Mvula ikayamba ndinkailetsa. Mkazi wanga NyaMsiska, amene pakamwa pake sipapuma, ankangosekerera. Mayi ankakhala pakhonde akusankha nyemba, osakalamba, osatsokomola. Zimenezi ndi zimene zinasunga mutu wanga, sindingakane. Koma atandibwezera kwa akaidi anzanga, kumene tinkaloledwa kulemba kalata, sindinalembe. Mwana wa mkulu wa mpingo kulemba kalata yochokera kundende, manyazi anandigwira. Komanso ndinkadzinamiza kuti, anthu amene ndikuonana nawo tsiku ndi tsiku ndiwalemberenji?

Patatha zaka zitatu anandikweza basi yobwezera anthu kwawo. Ndinatsika matola ku Nchenachena ndili ndi jumbo imodzi. NyaMsiska anali akuyanika chinangwa pabwalo. Sanasekerere.

"Awiske Tiwonge, mwafika," anatero, akunditchula ndi dzina la mwana wathu. "Ikani jumboyo pakhonde. M'nyumba mulowa pambuyo."

Pakhondepo panalibe munthu. Anatsogola, tinadutsa tchalitchi, n'kukhotera njira ya kumanda, kumene kwathu amayamba kutengerako munthu amene maliro anamupita ali kutali. Tinaima pa mtumbira womera kale udzu.

"Amama anakudikirani chomene," anatero. "Akamva galimoto ankadzikoka ndi ndodo mpaka kumsewu. Kalata imodzi yokha, yongoti muli moyo, mukanataya chiyani?"

"Ndinkawaona masiku onse," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati akuyang'ana woledzera. "Iwo sanakuoneni."

Ndinagwada. Mwambo umafuna kuti ulire mokweza kuti a m'mudzi amve kuti mwana wafika, koma mawu anakana kutuluka. Mudzi umene ndinkaulamula kundende unali wanga ndekha; weniweniwu unkakalamba, kudwala ndi kuika maliro ine ndili mtulo. Ndinatambasula dzanja pamwamba pa mtumbirawo, mtima ukupempha kuti zikhale zisanu.

Zinali zinayi. Ndinawerenganso.