Mkamwini Amene Anachoka Atavala Manta

Ndikangomva fungo la nsalu yakale imene yatentha padzuwa, ndimawaona agogo a Zuze atakhala pakhonde kumudzi kwathu kufupi ndi Malowera, ndudu ya chingambwe yozima ili kukhutu, singano ili pakamwa, manta yawo, bulangeti lalikulu la zigamba, itayalidwa pamiyendo mpaka kukwekwereza pansi pomwe nkhuku zinkapalasa.

Mantayo anaiyamba ndi agogo aakazi, aNaphiri, ali ku Zambia kothawa nkhondo. Ankalumikiza tizidutswa ta makapulana ong'ambika, zitenje zomanga azimayi m'chiuno, ta malaya a ana amene akula, ngakhale mpango wa mwana wawo wamkazi amene anamusiya m'manda a kumeneko. Atabwerera kumudzi maso anachita ng'ala, ulusi osalowanso pasingano. Agogo aamuna sanafunse munthu, anangotola singano ija. Gogo wamkazi ankakhala pambali pawo akupapasa msoko ndi zala, n'kumakalipa: "Mukusoka ngati thumba la chimanga, a Zuze! Masulani!" Iwo ankamasula akung'ung'udza, n'kuyambiranso.

Amuna opita kumowa ankaima panjira kuwaseka. "A Zuze, mawa tikugulirani mpango wakumutu!"

"Mugule wofiira," ankayankha osadzutsa mutu, "pakusowa chigamba apa."

Agogo aakazi anamwalira nthawi yachisanu, mbali imodzi ya manta isanathe. Maliro atatha agogo a Zuze anabwerera pakhonde paja, ine n'kukhala wowalowetsera ulusi chifukwa maso awonso anali atatopa. Ankasoka kukacha tikasesa pabwalo, ankasokabe mitondo ikamalira masana, mpaka mbuzi zikamalowa m'khola. Anaimaliza chilimwe chitafika pachimake. Atamanga mfundo yomaliza n'kudula ulusi ndi mano, ine ndinawomba m'manja, koma iwo anangokhala akuisisita. "Ndikanadziwa, Marita," anatero, "ndikanasoka pang'onopang'ono."

Ankadziwa chimene chinkabwera. Agogo anali mkamwini: mudzi, munda ndi nyumba zinali za kuchikazi. Mwambo wake, mkazi akamwalira achibale ake amagawana katundu, mwamunayo n'kumusudzula kuti abwerere kwawo. Kwawo kwa agogo kunali cha ku Chipera. Woyendetsa zonse anali a Kandulu, mlongo wawo wa agogo aakazi, ndipo manta anali atailonjeza kale kwa mng'ono wa malemu.

Kutatsala tsiku limodzi kuti katundu agawidwe, agogo anawapempha a Kandulu. "Alamu, miphika, mbuzi, makasu, zonse tengani. Manta yokhayi mundisiyire."

"Nsaluzo ndi za mlongo wanga," anayankha a Kandulu. "Mwambo mukuudziwa, alamu. Mwamuna amachoka ndi zimene wavala basi."

Agogo anangogwedeza mutu. Ine ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimapsabe. Munthu amene analima munda uja mpaka msana kupindika, amene anabereka mkazi wake kumbuyo pothawa zipolopolo, achoke ngati mlendo wopempha madzi? Iyayi!

M'mawa mwake mbumba yonse inasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa linali loswa mtengo, nyenje zikulira moboola m'makutu, fumbi likutentha kumapazi. Katundu anamuyala pamphasa, manta yokha osaoneka. A Kandulu atatsegula pakamwa kuti afunse, chitseko chinatseguka. Mayo ine! Agogo anatuluka atadzikulunga manta ija kuyambira m'khosi mpaka m'akakolo, m'chiuno atamanga luzi. Anayenda mwachifatse n'kukhala pampando wawo, thukuta lili kamukamu.

"Zimenezi ndiye ziti, alamu?" anafunsa a Kandulu.

"Munanena nokha dzulo kuti mwamuna amachoka ndi zimene wavala. Ndavala. Woifuna abwere adzandivule pamaso pa adzukulu angawa. Koma ndikuchenjezeni, mkatimu mulibe kanthu."

Azimayi anabisa nkhope m'makapulana, mapewa akugwedezeka. Amayi anga, mwana wawo weniweni, anayang'ana pansi akuluma mlomo. A Kandulu anaimirira, anakhalanso, anatukwana misala, koma ndani akanavula nkhalamba pagulu? Ndiye anaganiza zowatopetsa ndi dzuwa. Anagawa miphika umodziumodzi, anakambirana za mbuzi mpaka mthunzi unachoka pamene agogo anakhala. Milomo ya agogo inauma, ndipo ndinaopa kuti agwa. Ndinathamanga kukatunga madzi. Mng'ono wa malemu uja anandiyang'ana ndi diso lofiira, ine ndinadutsa pamaso pake pomwepo n'kuwamwetsa.

"Vulani, bambo, mufa," anawadandaulira amayi.

"Ndikafa mundiike nayo, nkhani ithe."

A Kandulu ndi amene anatopa. "Asiyeni apite nacho chinsanza chawocho!" Madzulo mphwawo wa agogo, amene anabwera kudzawatenga, anawakweza kumbuyo kwa njinga, akadali m'manta momwemo, zigamba zofiira ndi zobiriwira zikuuluka mumsewu wafumbi wopita ku Chipera. Ndinalira mpaka mawu anatha.

Patapita zaka, ndikuphunzira ku shikola ya ku Fingoe, ndinamva kuti agogo akudwala ndipo ndinapita kukawaona. Anali ataonda, atagona pamphasa, manta ili pachifuwa. Anaikankhira kwa ine. "Tenga, Marita. Ikubwerera ku mbumba ya aNaphiri. Koma ukawauze kuti ndapereka ndekha, palibe wandilanda."

Ndili nayo mpaka pano. Yasuluka, ndipo misoko yokhota ya agogo aamuna ndimaizindikira ndi zala ngakhale nditatsinzina. Chaka chatha amuna anga anagula bulangeti latsopano kumsika, n'kunena kuti yakaleyi tiziphimbira matumba a chimanga. Ndinawayang'ana bwinobwino n'kuwauza kuti ine ndine mdzukulu wa a Zuze, akangoikhudza ndiivala tsiku limene kwabwera achibale awo, ndipo mkatimo simudzakhala kanthu. Sanabwerezenso.