Zimene Atelala Anauza Mtolankhani

Kuseri kwa holo ya mumzinda kuli kachipinda ka windo limodzi, konunkha nsalu zakale ndi mafuta a makina. M'menemo ndimo mayi wina anasokera zovala za masewero zaka makumi atatu ndi zisanu. Dzina lawo lenileni linkadziwika kuchipatala kokha. Ku holo aliyense ankangoti Atelala. Anali mayi wamfupi, wa magalasi omangirira chingwe, ndipo tepi yoyezera sinkachoka pakhosi pawo ngakhale pokwera basi.

Anayamba ntchitoyo asanakwanitse zaka makumi awiri, chaka chimene gulu la pa holopo linaonetsa koyamba sewero la nyimbo lotchedwa Mkazi wa Woyendetsa Sitima. Nkhani yake inali yosavuta. Mwamuna woyendetsa sitima ali ndi chibwenzi pa siteshoni iliyonse, mkazi wake akudikira kunyumba. Pomaliza mwamunayo akubwerera atakalamba, akudwala, nagogoda. Mkaziyo akutsegula uku akuimba kuti chitseko sanakhome chichokereni iye. Ikafika nyimboyo holo yonse inkaimirira n'kumaimba nawo, azibambo akupukuta maso mobisa. Sewerolo linaonetsedwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo nyimbo yakeyo inalowa mpaka m'maukwati.

Atelala anakwatiwa ndi makaniko wa manja aluso ndi miyendo yosakhazikika. Sitima analibe, koma masiteshoni anali nawo. Anachoka pakhomo kawiri, n'kubwerera kawiri. Ulendo wachitatu anabwera miyendo itatupa, ndipo Atelala anamusamala zaka ziwiri mpaka kumuika m'manda. Zaka zonsezo ankapalasa makina uku akung'ung'udza nyimbo ya chitseko ija, ndipo anzawo ankawatama kuti ndi mayi wopirira.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, amene anakulira pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Ali ndi zaka zitatu anameza batani la jekete la woyendetsa sitima, gulu lonse n'kukhala masiku awiri likufunsa ngati latuluka. Kuyambira pamenepo anakhala Kabatani. Anakula, napita ku koleji kukaphunzira za masewero. Holo itakwanitsa zaka makumi asanu, akomiti anamuitana kuti adzaukitse sewero lakale lija.

Atelala anasangalala mpaka kuuza ndi kondakitala yemwe. Anatulutsa mapatani akale m'katoni, nasoka madiresi, mayunifolomu ndi zipewa, miyezi iwiri osadandaula za msana. Tsiku lina Kabatani anawapempha jekete lachikazi la matumba akuluakulu.

"Jekete la chiyani, munthu wake ndi wokhala pakhomo?" anafunsa Atelala.

"Mudzaona tsiku lake, amayi. Ingolisokani lolimba."

Tsiku loyamba linali Loweruka masana. Holo inadzaza mpaka m'makonde: kutsogolo achikulire a masuti ndi maduku, kumbuyo achinyamata ndi mafoni awo. Atelala anakhazikidwa pamzere wachitatu. Zonse zinayenda bwino, anthu akuseka pamene ankasekera kale. Kenako mwamuna uja anagogoda, oimba anayamba malimba a nyimbo ya chitseko, ndipo achikulire anayamba kukonza kukhosi.

Mkaziyo anatsegula, koma sanaimbe. Anamukhazika mwamunayo pampando, namufunditsa bulangete, namupatsa madzi akumwa. Kenako anamuika kiyi m'dzanja, navala jekete lija, natenga sutikesi kuseri kwa kabati. Anatsika pa siteji n'kudutsa pakati pa anthu mpaka kutuluka pakhomo lalikulu, malimba akulira okha.

Kumbuyo kunabuka nthungululu ndi m'manja. Kutsogolo bambo wina anafuula kuti, "Imba nyimbo iwe!" Mphunzitsi wamkulu wina wopuma ntchito anaimirira ndi ndodo yake n'kumati awabera sewero masanasana. Mtsikana wina anamuyankha kuti akadikire yekha mwamunayo ngati akumufuna. Ena anayamba kuimba nyimboyo mokakamiza, ena akuwaombera m'manja kuti asamveke. Atelala anangokhala pampando pawo. Ankaona ngati mzere wonse ukuwayang'ana iwo.

Potuluka, pa masitepe, mtolankhani wina anawatchingira njira. Wina anali atamunong'oneza kuti mayi awa ndi amene anasoka zovala za sewero loyamba, komanso ndi mayi ake a mtsogoleri wa sewerolo.

"Mayi, inu mwaliona bwanji?"

Akanatha kungoti mwendo ukuwawa, n'kudutsa. Koma mawu anatuluka okha. "Sewero limene ndinalisokera ine si ili. Ili ndi la ana amene sanapirirepo kanthu pamoyo wawo."

Lolemba nyuzipepala ziwiri zinalemba. Ina inati Kabatani wapatsa mkazi uja miyendo patatha zaka makumi atatu ali chiimire pakhomo. Inayo inati wang'amba chovala chimene sanasoke, ndipo pamwamba inalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti NGAKHALE MAYI AKE AKANA. Pa wailesi anthu anakangana sabata yathunthu, ndipo aliyense wodana ndi sewerolo ankabwereza mawu a Atelala ngati vesi.

Lachiwiri m'mawa Kabatani analowa m'kachipinda kaja, nyuzipepala ili m'manja. Atelala anali akusoka zipi, ndipo sanadzutse mutu.

"Amayi, munanenadi zimenezi?"

"Ndinanena."

"Bwanji osandiuza ine? Ndimadutsa pakhomo pano tsiku lililonse."

"Nanga iwe unandiuza? Unandisoketsa jekete ndi manja angawa, kuti ukauze mzinda wonse kuti amako anali chitsiru."

Kabatani anakhala pa katoni ya mapatani. Analankhula motsitsa. "Sindinati munali chitsiru. Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anabwerera ulendo wachiwiri. Ndinakuonani mukulongedza chikwama, munachibisa pansi pa tebulo ili. Chinakhala pamenepo mwezi wathunthu. Ine ndinkabwera kuchokera kusukulu n'kumasuzumira ngati chikadalipo. Ndimangofuna ndikuoneni mutachinyamula, amayi, olo kamodzi, olo pa siteji."

Atelala sankadziwa kuti mwanayo anachiona chikwamacho. Sanauzepo munthu, ngakhale mchemwali wawo. Phazi linaima pa chopalasira. Anafuna kunena kanthu, koma chifukwa cha manyazi chimene chinatuluka ndi ichi: "Tuluka, ndili ndi ntchito."

Kabatani anasiya nyuzipepala pa tebulo, natuluka.

Akomiti, amene ambiri anali a mzere wakutsogolo uja, anamuitanitsa n'kumuuza kuti abwezeretse nyimbo. Wapampando anachita kumuwerengera mawu a mayi ake. Kabatani anakana. Sewero limene linayenera kukhala miyezi itatu analidula kuti lithe pa sabata yachitatu, ngakhale kuti mipando yakumbuyo inkadzaza tsiku lililonse.

Masiku amenewo Atelala ankabwera m'mamawa, n'kusita zovala, n'kuchoka ochita sewero asanafike. Anapitako ku ofesi ya nyuzipepala kuti akakonze mawu awo. Anadikira pa benchi mpaka mtolankhani uja anatuluka, ndipo iye anawafunsa mwaulemu ngati anawanamizira. Anati ayi. "Ndiye tikonza chiyani, mayi?" Iwo anatsanzika, nabwerera ku makina awo.

Loweruka lomaliza anagula tikiti pawindo ngati mlendo, nakhala kumbuyo kwenikweni. Pambali pawo panali mayi wina wa msinkhu wawo, wa manja okhakhala, atagwira jumbo pamiyendo. Mkazi wa pa siteji atanyamula sutikesi n'kuyamba kudutsa pakati pa anthu, mayiyo anagwira dzanja la Atelala osawayang'ana, nalifinya, misozi ikutsika. Ulendo uno Atelala anaona zimene sanaone poyamba. Mkazi uja asanatenge sutikesi anakonza bulangete pamapazi a mwamunayo, napinda m'mphepete mwake kawiri, ndendende mmene iwo ankachitira ndi malemu bambo a Kabatani. Mwanayo anali ataona zonse, kupirira komwe, ndipo sanakuseke.

Anthu atatuluka, Atelala anazungulira kuseri. Kabatani anali pakhonde, atazingidwa ndi ochita sewero, ena akulira, ena akumukumbatira. Atawaona mayi ake anasiya kulankhula. Atelala anali atakonza mawu njira yonse kuchokera kumpando kuja. Koma anthu onsewo anatembenuka kuwayang'ana, ndipo wina anatsokomola.

"Mwabwera kudzatenga zovala, amayi?" anafunsa Kabatani.

"Eya," anatero Atelala. "Zina zikufunika kuchapa."

Anasonkhanitsa madiresi m'dengu, Kabatani akuwagwirira chitseko.

Patatha miyezi iwiri Kabatani anapeza ntchito yophunzitsa masewero mumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Atelala anamuperekeza ku depoti, namuuza kuti asamale katundu wa pamwamba. Chaka chotsatira akomiti anapeza munthu wina amene anabwezeretsa nyimbo ija. Sabata yoyamba holo inadzaza ndi achikulire, anaimirira, anaimba. Sabata yachiwiri mipando yopanda anthu inayamba kuoneka. Nyuzipepala yomwe ija inanyoza Kabatani inalemba kuti sewerolo lafanana ndi tiyi wa dzulo, ndipo inafunsa kuti kodi mtsikana wolimba mtima uja anapita kuti. Atelala anawerenga zimenezo ataimirira pa sitolo, nabweza nyuzipepalayo pa shelefu.

Anasokabe zaka zina zinayi, mpaka maso anayamba kukana kulowetsa ulusi pa singano. Tsiku lotsanzika gulu linawagulira keke, ndipo wapampando analankhula nthawi yaitali za kukhulupirika kwawo. Wina anayambitsa nyimbo ya chitseko kuti awasangalatse. Atelala anamwetulira, milomo ili chitsekere.

Lero amakhala ndi mdzukulu wa mchemwali wawo m'nyumba ya zipinda ziwiri. Kabatani amaimba foni Lamlungu lililonse masana, osaphonya. Amafunsa ngati mankhwala a kuthamanga kwa magazi alipo, ngati denga lasiya kudontha, ngati mwendo ukulola kuyenda. Amatumiza zithunzi za ana ake awiri. Za ntchito yake sanenapo, ndipo Atelala amamva kwa anthu ena kuti masewero ake kumeneko amadzaza holo, ndiponso kuti amakanganitsabe anthu.

Kangapo konse Atelala ayesapo kuyamba nkhani ya sewero lija. Lamlungu lina anafika ponena kuti, "Iwe, za tsiku lija ku holo..." Kenako mwana wamng'ono analira chapafupi ndi foni, Kabatani anati, "Pepani amayi, wagwa pampando. Mumati bwanji?"

"Ayi, palibe. Kamunyamule mwanayo."

Foni itaduka anakhala nayo m'manja nthawi yaitali. Mdzukulu uja atalowa n'kuwafunsa ngati akufuna awawiritsire madzi osamba, anayankha kuti adikire kaye pang'ono.