Wodwala wopanda gadiyani

Chaka changa chachiwiri pa yunivesite ku Leicester ndinayamba kutsokomola, ine n'kumanamizira kuzizira. Nditaona magazi m'pamene ndinapita kuchipatala. Anandipeza ndi chifuwa chachikulu, n'kundigoneka m'kachipinda kandekha.

Ndisaname, anandisamalira. Mankhwala ankabwera pa nthawi yake, ndipo kusukulu ananditumizira kalata yoti mayeso ndidzalemba ndikachira. Komabe ndinkadziona ngati mwana wamasiye. Kwathu munthu sagona m'chipatala yekha ayi. Pamakhala gadiyani wokusambitsa, wokuphikira phala, woyala chitenje pansi pambali pa bedi n'kugona pomwepo. Kuno anandipatsa kabatani koti ndizidina ndikafuna thandizo, ndipo ndinkachita nako manyazi. Nesi, munthu wamkulu bwinobwino, ine ndimuitane ndi belu? Ndinkawasowa amayi anga koopsa.

Tsiku lachitatu kunabwera amayi ena a kutchalitchi kwathu, Amalawi, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Wigston. Malamulo a zipatala zakuno ankawadziwa ndithu, komabe anafika ndi beseni, fulasiki ya phala ndi zitenje ziwiri.

"Mwanawe, ndatenga ofu kuntchito," anatero atavala masiki. "Ndikhala pompano. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe."

Nesi wa m'wodimo anawafotokozera mwaulemu kuti kwa wodwala ngati ine mlendo amakhala ola limodzi basi. Amayiwo sanatsutse. Anandimwetsa phala ndi supuni ngakhale manja anga anali abwinobwino, ndipo ine sindinakane. Ola litakwana anapinda zitenje zawo, beseni n'kubwerera louma.

Ali pakhomo anandifunsa kuti, "Amayi ako wawauza?"

Ndinali ndisanawauze. Ndinkati adzamva ndikachira, chifukwa akanachitanji ali ku Zomba? Amayi a kutchalitchi aja anandikalipira kuti matenda sabisa, ndipo foni ya ku Zomba anakaimba okha.

Patatha milungu itatu adokotala ananditulutsa kuti ndizikamwera mankhwala kunyumba. Ndinagula khadi yoimbira foni pa kashopu kapafupi n'kuimba kwathu. Anayankha ndi mng'ono wanga.

"Achemwali, muwauze nokha amayi kuti mwatuluka," anatero. "Ife sakutimvera. Chimvereni za matenda anu akugona pansi m'chipinda chanu chija, pambali pa bedi lanu lopanda munthu. Msana ukuwapweteka, koma akuti sadzuka pamenepo mpaka amve mawu anu."