Mabowo a Mpweya ku Machinjiri

Pamene tinkamanga nyumba yathu ku Machinjiri, pafupi ndi poloti yathu panali chigayo. Phokoso linali litanditopetsa kale ku lendi ku Ndirande, choncho ndinauza mmisiri kuti asasiye mabowo a mpweya pamwamba pa mawindo.

Mmisiriyo, bambo wachikulire, anasiya njerwa n'kundiyang'ana.

"Achimwene, akazi anu aja ndawamva akutsokomola. Ndi mphumu?"

Ndinavomera.

"Ndiye mukufuna muwatsekere m'botolo? Chiperoni chikafika mudzalowetsa mbaula m'nyumba, utsi udzatulukira pati? Phokoso lambiri limalowera pachitseko."

Ndinachita manyazi, chifukwa za chifuwa cha mkazi wanga sindinaziganizire. Mabowo anawasiya mbali zonse, n'kuikamo sefa yotchinga udzudzu. Chitseko anati tipeze cha matabwa olemera, osati cha pulayiwudi, ndipo m'mphepete mwa felemu anakhomerera mphira wodula ku chubu chakale cha galimoto.

Tsiku lolowa m'nyumbamo ndinatseka chitseko masana, chigayo chikugaya. Chinkamveka chapatali, ngati chili kutsidya kwa mtsinje. Mkazi wanga anakhala pampando, kamphepo kakudutsa pamwamba, akupuma bwinobwino osatsokomola. Mtima wanga unakhala pansi.