Densitomita ya a Gondwe

Nditasiya koleji, kapena kuti titasiyana mwamtendere, ntchito anandipezera ndi a Gondwe, mkulu wa mpingo wathu. Anandiperekeza okha ku Govan, dera lina la mzinda womwe tikukhala kunja kuno, kwa Mayi Morag, otsuka zithunzi mwachikale: kupaka mankhwala a pulatinamu papepala ndi burashi, kusanjikapo negetivu, n'kuwotcha pa nyale ya UV, kuwala kuja kosaoneka ndi maso. Ine udindo wanga waukulu unali wotsuka mabeseni.

Pulatinamu safuna zongoganizira. Negetivu ikalakwika, pepala ndi mankhwala zapita. N'chifukwa chake pamakhala densitomita, makina oyeza kuwala kodutsa mu negetivu. Yathu itafa, abwana anati tisake yogwirapo kale ntchito. Ine ndi pakamwa pangapa ndinakalengeza kutchalitchi, ndipo a Gondwe, amene anapuma pa ntchito yojambula ekisire ya mafupa kuchipatala, anati ali nayo kunyumba.

Mayi Morag anandipatsa kafilimu koyesera, ka zigawozigawo, koyera uku kakuda uku, ndi negetivu imodzi yachikasu. Chikasucho maso amachiona chopepuka, koma chimatchinga UV.

"Ikapanda kuwerenga UV usabwere nayo," anatero. "Ukabwera nayo yotero, iwe ndi iyo mubwerera limodzi."

Ku Shawlands, kunyumba kwa a Gondwe, tinayamba ndi pemphero, kenako tiyi. Makinawo anali patebulo, atafundidwa chitenje.

"Ndawasamala ngati mwana," anatero a Gondwe. "Nyamula, mwana wanga."

Kwathu katundu wa munthu wamkulu sayesedwa pamaso pake, makamaka tiyi wake ali kale m'mimba mwako. Ndinayang'ana makina, ndinayang'ana munthu amene anandipezera ntchito.

"Bambo, mungandilole ndiyatse?"

Mayi Gondwe, amene amabwera ndi mandasi, anaima pakhomo.

"Yatsa," anatero bambowo, osandiyang'ana.

Ndinadikira nyale itenthe, ndinaika pa ziro, ndinatsitsa mkono wa makinawo pa kafilimu kaja chigawo ndi chigawo. Manambala onse ndendende. Mtima unatsika. Kenako ndinasaka batani la UV: kutsogolo, kumbali, mpaka kunsi, ngati wofuna nthata. Kunalibe. Negetivu yachikasu ija makinawo anaiwerenga yopepuka, monga momwe maso anga amanamizira.

"Ndiye ukuti ndi akufa?" anafunsa a Gondwe.

"Ayi bambo, ndi amoyo kuposa ine. Kungoti anaphunzira za mafupa. Za UV sanafikepo, ngati ine ndi koleji."

Palibe anaseka. A Gondwe anapinda chitenje chija pang'onopang'ono.

"Abweze pamwamba pa wadirobu pomwe ndinawatenga."

Ndinakwera pampando nditanyamula chitsulocho. Mandasi sindinalaweko.

Densitomita yoona UV tinakaipeza ku Springburn, kwa munthu wina wotseka shopu yake, ndipo ntchito ndidakali nayo. Phunziro ndinatolapo ndi limodzi: yesa makina kaye, tiyi pambuyo.

A Gondwe sanasiye kundipatsa moni. Kungoti "mwana wanga" uja anatha. Lamlungu lililonse amandigwira chanza ndi manja awiri, pamaso pa mpingo wonse: "Mwadzuka bwanji, a UV?"