Petulo Wongokwanira

Chaka chimene mwana wanga wamkazi ankachita chinkhoswe ku Balaka, ine ndinali ku Dubai, ndikulera ana m'nyumba ina ya ku Jumeirah. Tchuthi changa chinali chisanakwane. Madamu atandiuza kuti sizitheka kupita, ndinangoti chabwino, kenako ndinakalirira m'chipinda chochapira, makina akuzungulira kuti munthu asandimve. Chimene ndikanatha kutumiza chinali diresi basi. Ndinasoketsa kwa telala wina wa ku Pakistan, la buluu wonyezimira, mikanda mbwee pachifuwa, loti akuchimuna akaliona adziwe kuti mwanayu ali ndi mayi ake.

Wokalitula kumudzi anali mnzanga wa kutchalitchi, mayi wamkulu thupi, wotsogolera kwaya yathu, amene ankagwira ntchito ku Al Furjan. Ndege yake inali ya masana, ndipo pambuyo pake panalibenso wina wopita kwathu chinkhoswe chisanachitike. Telala uja anandidyetsa ma inshallah, akuti Mulungu akalola, mpaka diresi linatuluka kutatsala tsiku limodzi. Tinapangana ndi mnzangayo kuti tikakumane ku eyapoti komweko, aliike m'sutikesi asanapereke katundu.

Madamu analola kuti adalaivala a pakhomopo andiperekeze ana ali kusukulu. Adalaivalawo anali bambo a ku Chipata, okulira ku Lusaka, munthu wabwinobwino, wopemphera, wosalawa mowa. Nthenda yawo inali imodzi, mpikisano wa magalimoto. Anaitengera ku Abu Dhabi tsiku lina atapititsa bwana kukaonera timagalimoto tija tokwawa ndi mimba pansi. Iwo sanalowe n'komwe m'bwalomo. Anatsala panja akudikira bwana, n'kumangomva phokoso, koma anabwerako ali katswiri.

Kuyambira pamenepo khitchini yathu inasanduka sukulu. Ndikamasita, iwo khale pampando, foni m'manja.

"Alongo, anthu aganiza ati mpikisano ni kuponda faya chabe. Iyayi! Ni mafuta na matayala. Ukaponda maningi, matayala yasila. Ukanyamula petulo maningi, motoka ilemera. Wopambana ni uja aziba kusunga."

Ine ndinkangoti, "Eya achimwene," poti munthu wolankhula za matayala savulaza aliyense. Dzulo lake la ulendowo ndinawapempha kuti mawa tifulumire. Anaika foni pansi n'kundiyang'ana ndi maso a munthu amene wakhala akudikira mawu amenewo moyo wake wonse.

Nditamaliza ntchito za m'mawa ndinatuluka, diresi lili m'pulasitiki yake, ndalinyamula m'mwamba kuti lisakwinyike. Ndinapeza chigalimoto cha madamu chili pabwalo, matayala onse atakutidwa ndi mabulangeti. Mabulangeti ake omwe ndinachapa ndekha n'kuwapinda bwinobwino.

"Achimwene, mabulangeti a madamu akutani pamatayala?"

"Nifunditsa matayala, alongo. Akatswiri onse acita so. Tayala lozizira siligwira msewu."

"Lozizira? Ku Dubai kuno?"

Dzuwa la tsiku limenelo linali loti ukaiwala beseni panja umalipeza litapindika. Koma zamatayala zinali zochepa. M'mbali mwa mpanda munali mulu wa katundu: mipando ya ana, tayala lapadera, jeke, mabotolo a madzi, ndodo za gofu za bwana, mpaka timakapeti topondapo. Ankati imeneyo ndiyo setapu, kuchuna galimoto kuti ipepuke. Anali atatulutsakonso mpweya m'matayala kuti akuti azimata bwino patala. Bambo wosamalira maluwa anaima chapatali, paipi ili m'manja, madzi akungotayikira pansapato zake. Anandiyang'ana n'kunena mawu amodzi a kwawo, pagal, amene ife tonse tinkadziwa kuti ndi wamisala.

Adalaivala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwadya cani kuseni?"

"Chifukwa?"

"Nifuna chabe kuziba weiti."

"Mukandifunsanso zimenezo, achimwene, muona chomwe chidameta nkhanga mpala."

Anachotsa mabulangeti mwachangu ndipo tinalowa. Ine kuyendetsa sindidziwa, koma kamuvi ka petulo ndimakadziwa, ndipo kanali katagona chafufumimba. Ndinaloza. Iwo anamwetulira monyadira. Khadi la bwana logulira mafuta linali m'thumba mwawo, ndiye si kuti anali atasowa pogwira. Anachitira dala.

"Nawerengera bwino. Petulo iyi ikwana ndendende kufika pa eyapoti. Katswiri afika pa mzere na tanki yopanda kanthu. Petulo yotsala ni manyazi."

Ndikanatsika pomwepo, koma basi ya kumeneko imabwera ikafuna, ndipo nthawi inali itadyeka kale. Ndinamanga lamba, diresi pamiyendo.

Titangotuluka pageti, galimoto inayamba kupita kumanja, kumanzere, kumanja, ngati chidakwa chochokera kumaliro. Akuti kutenthetsa matayala. Mzungu wina woyendetsa kagalu anakanyamula n'kukwera nako pakapinga. Tiyi wa m'mawa anayamba kundifunsa njira yotulukira.

Ndinene zoona, titalowa mumsewu waukulu galimoto inayenda bwino. Nyumba zitalizitali zija zinkangodutsa, adalaivala akuti, "Mwaona? Mwaona setapu?" Mtima wanga unayamba kukhala pansi, ndipo ndinatsala pang'ono kuwayamikira. Kenako kutsogolo kunaoneka nyali zofiira zokhazokha. Magalimoto ndii, mizere yonse, osasuntha. Mpikisano wa pa foni yawo unalibe malole a simenti kapena mabasi a antchito, choncho m'masamu awo aja munalibe zimenezi.

Tinakwawa, tinaima, tinakwawanso. Posakhalitsa kanyali kachikasu kanayaka pafupi ndi kamuvi kaja. Adalaivala anatsokomola n'kuzimitsa eyakoni.

"Manje tiyamba kusunga mafuta."

Amene sanakhalepo m'galimoto yozimitsa eyakoni ku Dubai masana asandiuze za kutentha. Nditafuna kutsegula windo, anandiletsa, akuti mphepo ikalowa imakoka galimoto m'mbuyo. Galimoto yake yoima! Ndinatsegula, ndipo mphepo imene inalowa inali ya mu uvuni. Thukuta linkayenderera mpaka m'zigongono, ine nditakweza diresi m'mwamba kuti lisanyowe.

Foni inalira. Anali mnzanga uja.

"Asisi, muli pati? Ine ndabwera pa sitima ya metro, ndafika kalekale, ndili pamzere wopereka katundu, ndipo mzere ukuyenda."

"Tili pafupi," ndinatero, bodza limene Mmalawi aliyense amabadwa nalo.

Msewu utatseguka pang'ono, adalaivala anayamba luso lina. Ankaponda pang'ono n'kuchotsa phazi, galimoto izingoyenderera yokha mpaka itatsala pang'ono kuima. Akuti akatswiri amatero mafuta akachepa. Kumbuyo kwathu mahutala ankalira ngati tikuperekeza mkwatibwi. Nditaona chikwangwani cha pomwetsera mafuta, ndinawagwira mkono.

"Lowani apo."

"Dalaivala salowa yekha, alongo. Aitanidwa na injiniya pa wailesi. Kambani ati bokosi, bokosi."

"Achimwene, musandiyese."

"Ni lamulo."

Ine, mayi wa mwana woti akulowa m'banja, munthu wolemekezeka kwathu ku Balaka, ndinakuwa kuti bokosi, bokosi. Iwo anayankha kuti kope, kutanthauza kuti amva, n'kukhota.

Galimoto inakhota nafe bwino, inatsokomola kawiri, n'kuzima pakamsewu kolowera. Mapampu tinkawaona apo, koma panali kachitunda. Adalaivala anapukusa mutu n'kunena kuti masamu awo anaphonya pang'ono chabe, ndipo mwina vuto linali weiti. Ndinayala diresi pampando wakumbuyo n'kutsika.

Iwo anatsala pachiwongolero, ine kumbuyo, kukankha. Apa ndi pamene matayala ophwetsa aja anaonetsa ntchito yake. Analidi atamata patala, moti zinali ngati ndikukankha ngolo mumchenga. Nsapato zinkaterereka, ndinazivula, tala n'kundiotcha, ndinazivalanso. Adalaivala anatulutsa mutu pawindo n'kumandilimbikitsa ngati muulutsi wa pa wailesi, akuti ndikuchita bwino, ndisafooke, timu yonse ikundidalira. Ndinawauza za timu yawoyo mawu amene sindingalembe pano. Mwamwayi, amuna angapo ovala maovolosi anatsika m'kabasi kawo akuseka, n'kudzagwira nane. "Yalla, yalla, mama!" Galimoto inakwera kachitunda kaja n'kukaima papampu.

Wothira mafuta anafunsa ngati adzaze. Ndinaona pakamwa pa adalaivala pakukonzeka kunena kuti pang'ono chabe.

"Fulu!" ndinakuwa. "Mpaka atayikire!"

Foni inaliranso petulo akulowa.

"Asisi, khalas, zatha. Ndinadikira mpaka atopa nane. Masutikesi alowa."

Ndinakhala pampando, ndinatenga diresi n'kuliikanso pamiyendo. Mtima unandiwawa kwambiri. M'maganizo ndinaona mwana wanga atavala diresi lobwereka, anthu akunong'onezana kuti mayi ake ali kunja koma onani. Nkhope yanga inawaopsa adalaivala kuposa mawu onse aja. Anayatsa eyakoni okha.

"Alongo, nalakwa," anatero chapansipansi. "Tiyeni chabe tikafike."

Kuchokera pamenepo anayendetsa ngati dalaivala wamba, ndipo ndinazindikira kuti akaiwala za ukatswiri amayendetsa bwino zedi.

Mnzanga tinamupeza pafupi ndi geti limene operekeza sadutsa. Anali ndi kachikwama ka m'manja kofufuma, zipi ikulira. Anati akayeza kale, amutulutsitsa mabotolo a pefyumu ndi nsapato za adzukulu, ndipo amuchenjeza kuti asaonjezere ngakhale kajumbo. Anayang'ana diresi, anandiyang'ana ine maso ali psuu, n'kuusa moyo.

"Zimene zili pathupi sayeza," anatero. "Tiyeni kutoileti."

Mwana wanga ndi wowonda ngati bambo ake. Mnzangayu akaima kutsogolo kwa kwaya, oimba besi saoneka. Tinalowetsa diresi kudzera kumutu, pamwamba pa zovala zake. Ndinkakoka pang'onopang'ono, ndikupempherera ulusi uliwonse wa telala uja. Linakana pamapewa, tinalinyengerera, linakananso m'chiuno. Mayi wina wokolopa anasiya mopu n'kudzatithandiza, akuti, "Slowly, habibti, slowly." Mapeto ake linatsika, koma zipi inakanitsitsa. Tinaisiya yotsegula msana wonse, n'kumuphimba chitenje m'mapewa.

Titatuluka, adalaivala anazungulira mnzanga uja akuyang'anitsitsa, dzanja pachibwano.

"Akatulutsako mpweya pang'ono, zipi ingakwane."

Ndinawayang'ana kamodzi, ndipo anapita kukawerenga zikwangwani za ndege.

"Asisi, musapume kwambiri," ndinamuuza mnzanga. "Ndipo m'ndege musadye."

"Ndikangodutsa apa ndilivula, musade nkhawa. Koma mwana wanu akabereka wamkazi, dzina ndi langa."

Kukumbatirana sitikanatha, kuopa misoko. Anatembenuka n'kuyamba kulowera kugeti. Diresi linamuthina m'mawondo, ndiye ankayenda timasitepe tating'onoting'ono, mikono ili tambalale, mutu uli chilili, mikanda ikunyezimira ndi magetsi a mu eyapoti. Anthu ankamupatukira. Mayendedwe ake anali a mtsikana amene akumutulutsa pa chinkhoswe, pang'onopang'ono, kuti aliyense amuone.

Ndinayamba ndi kuseka. Kenako ndinakumbukira kuti diresi limeneli sindidzalionanso likuyenda. Tsiku lenilenilo ku Balaka adzaimba nthungululu ndi azakhali ake ndi anthu oyandikana nawo nyumba, ine ndikutsuka mbale kuno. Ndinaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu, yaitali, yochokera pansi pamimba. Mlonda wa pageti anatembenuka, anthu okoka masutikesi anaima, adalaivala anayamba kuomba m'manja. Mnzanga sakanatha kukweza mkono, anangogwedeza zala osacheuka.

Ndinaimbanso kachiwiri misozi ili chuchuchu, mpaka buluu uja anasowa pakati pa anthu. Nthungululu yanga ya chinkhoswe cha mwana wanga inathera pamenepo, kumbuyo kwa gogo wotsegula zipi.